Tizilombo tikasiya kuoneka m'magazi timakhala tili kuti?

Akonzi,

Patebulo pamene ndikulembera kalatayi pali mabuku awiri a kuchipatala. Lina ndi la muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, msodzi wa zaka 34 amene amakoka chilimira kuchokera pa dooko la kuno ku Makawa mpaka kutsidya ku Makanjira. Linalo ndi la mkazi wake. La mwamunayo linanyowapo kangapo, masamba anatupa, ndipo limanunkha usipa ndi petulo. La mkaziyo analikutira ndi pepala la pulasitiki la shuga, ndipo m'kati mwake mulibe ngakhale dontho. M'mabuku onse awiri muli zilembo zitatu zolembedwa ndi bolopeni, LDL, kusonyeza kuti atayeza viral load, kutanthauza kuchuluka kwa tizilombo ta HIV m'magazi, makina sanapeze tizilombo tokwanira kuwerenga. Lero banja la ana amenewa lili m'manja mwa ankhoswe chifukwa cha zilembo zitatuzi.

Ine ndinaphunzitsa Biology ku sekondale zaka 27, ndipo ndakhala ndikumwa ma ARV kuyambira 2006, patangotha zaka ziwiri boma litayamba kuwapereka mwaulere. Sindibisa zimenezi, anthu a kuno amadziwa. N'chifukwa chake muphwa wanga atapezeka nako kachilombo anabwera kwa ine asanapite kwa mayi ake. Anamwa mankhwala mokhulupirika, mkazi wakenso chimodzimodzi. Tsiku limene anamulembera LDL, anamwino anamuuza kuti, "Tizilombo sitikuoneka, pitirizani." Mzere unali wautali, panja pali anthu ena ambiri, ndipo sindikuwaimba mlandu. Koma iye anangomva mawu awiri oyambawo. Atapita ku Makanjira anakumana ndi munthu wogulitsa mankhwala a m'botolo pa dooko, amene anawerenga bukulo n'kumuuza kuti chipatala chomwe chavomereza kuti mwachira, chatsala n'kutsuka magazi basi. Anagula mabotolo awiri, mapiritsi n'kuwasiya m'chikwama.

Patatha miyezi 7 anabwera naye pa njinga yamoto, akutsokomola, mathalauza atamanga ndi chingwe cha ukonde. Kuchipatala anamupeza ndi TB, ndipo pamalo pa LDL panalembedwa nambala yaitali. Ali chigonere anandifunsa kuti, "Amalume, ngati tizilombo tinatha, iti tachokera kuti? Ine sindinayende ndi mkazi wina aliyense." Ndisanayankhe anali atadziyankha kale mumtima mwake: ndiye kuti mkazi wangayu ndi amene wandipatsanso, ndipo wazitenga kwa mwamuna wina ine ndili kunyanja. Atangochira pang'ono anatenga zovala zake n'kuchoka pamudzi pa apongozi ake.

Funso lake ndi labwino, ndipo yankho lake lilipo. Vuto n'lakuti yankholo limakhala m'mabuku a Chingerezi, pomwe ife timangouzidwa kuti imwani mankhwala moyo wanu wonse osatiuza chifukwa chake. Munthu wamkulu ukamuuza lamulo lopanda chifukwa, tsiku lina adzamvera wina amene wamupatsa chifukwa, ngakhale chabodza. Ndiloleni ndiyese kufotokoza monga ndinkachitira pa bolodi.

Ndiyambe ndakonza mawu awiri. Ndikati mapuloteni sindikunena nyemba ndi nsomba za m'mbale zokha. Thupi limaphwanya zakudyazo n'kumanga nazo antchito ang'onoang'ono a m'selo, aliyense ndi ntchito yake: wina mlonda wa pakhomo, wina wonyamula katundu, wina mlembi. Amenewo ndiwo mapuloteni amene ndikunena. Mawu achiwiri ndi majini. Kuno ku Mangochi mukatchula majini, agogo amaganiza za mizimu ndi ziwanda, ndipo ana asukulu ena ankandiyang'ana mwamantha. Ndinkawauza kuti ndi malangizo olembedwa m'buku lotchedwa DNA, limene limasungidwa m'chipinda cham'kati mwa selo, chija timati nyukiliyasi. M'kalata ino ndizingoti malangizo.

Buku la munthu lili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, ndi malangizo opangira mapuloteni pafupifupi 20,000. Kachilombo ka HIV kali ndi zilembo zosakwana 10,000, malangizo 9 okha, ndipo kamapanga mapuloteni pafupifupi 15. Ndi katundu wochepa chonchi sikangathe kuberekana pakokha. Kali ngati munthu wofika pa dooko alibe boti, alibe injini, alibe ukonde, alibe alovi, koma wanyamula kapepala kolamula, ndipo aliyense amene wakawerenga amayamba kumugwirira ntchito. Pafupifupi chilichonse chimene kachilomboka kamachita m'thupi, kamachita ndi manja athu omwe.

Ngakhale khomo lolowera ndi lathu. Mawu akuti CD4 tonse timawadziwa, tinkawamva pa mzere zaka zija pamene munthu ankayamba mankhwala pokhapokha CD4 itatsika. CD4 ndi puloteni imene imakhala pakhungu la maselo ena oteteza thupi, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kuthandiza selo kuzindikira mdani. Mu 1984 akatswiri anapeza kuti HIV imagwira pomwepo. Mu 1996 anapezanso kuti CD4 yokha sikwanira, pamafunika chogwirira chachiwiri, chimene kawirikawiri chimakhala puloteni yotchedwa CCR5. Apa mpamene pali yankho la funso limene amandifunsa pafupifupi mwezi uliwonse, lakuti bwanji udzudzu sufalitsa Edzi pomwe umafalitsa malungo. Maselo a udzudzu alibe makomo amenewa, choncho kachilombo sikangalowe n'kuswana, kamangogayidwa m'mimba mwake limodzi ndi magaziwo.

Pali anthu ena, makamaka a ku Ulaya, pafupifupi mmodzi pa 100 alionse, amene amabadwa opanda CCR5 pa maselo awo, ndipo mitundu yambiri ya HIV imalephera kuwalowa. Kuno ku Africa chibadwa chimenechi n'chosowa kwambiri. Timothy Ray Brown, amene ankadwala khansa ya m'magazi ku Berlin, anamuika mu 2007 maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wotere, ndipo HIV inamuthera. Anamwalira mu 2020 khansa itabwerera, kachilombo kasanabwerere. Ena amene achira mwa njira imeneyi ndi owerengeka ndi zala, onse anali ndi khansa, ndipo chithandizocho chimayamba n'kupha maselo ako akale opanga magazi, zimene zimatha kupha munthu. Ndatchula nkhaniyi kuti muone kukula kwa ntchito yochotsa kachilombo m'thupi, muyerekeze ndi botolo la pa dooko.

Kakalowa, kachilombo kamasandutsa kapepala kake kukhala DNA, kuti kafanane ndi buku lathu. Kenako kamalowa m'chipinda cham'kati kakugwira mapuloteni athu a pakhomo la chipindacho, ndipo puloteni yathu ina, LEDGF, imakalondolera ku masamba amene selo limawerenga kawirikawiri. Kumeneko kamadula buku lathu n'kusokererapo tsamba lake. Singano yosokera ndi yakeyake, dzina lake integrase, ndipo dolutegravir amene ali m'piritsi la TLD, limene ambiri tinayamba kumwa mu 2019, amathyola singano imeneyi. Mankhwala ena awiri a m'piritsilo amaletsa kusandutsa kapepala kuja kukhala DNA. Mvetsani bwino pamenepa, chifukwa nkhani yonse ya muphwa wanga yagona apa. Mankhwala amaletsa kusoka tsamba latsopano. Tsamba limene linasokedwa kale salisomola. Ndipo kusokako kumayamba m'masiku oyambirira enieni munthu atangotenga kachilombo, asanamve n'komwe mutu kupweteka.

Tsamba likakhala m'buku silichita kanthu lokha, limadikira womaliwerenga. Mlembi amene amawerenga ndi kukopera malangizo m'selo ndi wathu, dzina lake RNA polymerase II, ndipo sayamba ntchito popanda kuitanidwa. Pamutu pa tsamba la kachilombo pali kachigawo kotchedwa LTR, kamene kali ngati mipando yoikidwiratu kudikira akapitawo athu oitana mlembi. Kapitawo wamkulu ndi NF-kappa B. Pa nthawi ya mtendere puloteni imeneyi imakhala yomangidwa kunja kwa chipinda ndi mnzake. Selo likamva kuti kwabwera mdani, kaya TB, kaya malungo, kaya chilonda cha kumaliseche, womangayo amaphwanyidwa, NF-kappa B n'kuthamangira m'chipinda kukalamula kuti malangizo onse a nkhondo awerengedwe. Imeneyi ndi ntchito yabwino, popanda iyo tikanamafa ndi chimfine. Koma mu 1987 Gary Nabel ndi David Baltimore anasonyeza kuti HIV inaika mipando ya kapitawo yemweyu pamutu pa tsamba lake. Ng'oma yoitana asilikali ndi yomweyo imene imadzutsa mdani wogona m'nyumba.

Pali chinthu chimene chinandigwira mtima nditachiwerenga. HIV ili ndi mitundu, ndipo wofala kuno ku Malawi ndi kum'mwera konse kwa Africa ndi mtundu C. Mtundu B, wofala ku America ndi ku Ulaya, uli ndi mipando iwiri ya NF-kappa B. Wathuwu kawirikawiri uli ndi itatu.

Komabe kapitawo akaitana, mlembi sathamanga nthawi yomweyo. Amakopera zilembo pafupifupi 60 n'kuima, ngati injini ya boti imene yalira kamodzi n'kuzima. Selo linapanga dala mabuleki amenewa kuti malangizo asamawerengedwe mwachisawawa. Wochotsa mabuleki ndi wathunso, gulu la mapuloteni awiri, cyclin T1 ndi CDK9, amene pamodzi amatchedwa P-TEFb. Selo siliwasiya kuti aziyendayenda, ambiri limawasunga omangidwa ndi puloteni ina, HEXIM1, mpaka atafunika. Apa kachilombo kamatulutsa kapuloteni kake kakang'ono kotchedwa Tat, kamene kanapezeka mu 1985, chaka chomwe kuno ku Malawi tinapeza wodwala Edzi woyamba. Zilembo zochepa zija zimene mlembi wakopera asanaime zimadzipinda ngati mbedza. Tat amakola pa mbedzayo, dzanja linalo n'kukoka P-TEFb kumuchotsa kumene anamangidwa, n'kumubweretsa pamene mlembi waima. CDK9 amachotsa mabuleki, mlembi n'kuthamanga mpaka kumapeto kwa tsamba. M'tsambalo mulinso malangizo opangira Tat wina, ndiye Tat akachuluka kukopera kumachuluka, kukopera kukachuluka Tat amachulukanso, mpaka selo lasanduka chigayo chogaya za mlendo usana ndi usiku.

Panapita zaka 13 kuchokera pamene Tat anapezeka kufika 1998, pamene gulu la Katherine Jones ku Salk Institute ku California linatchula cyclin T1 kuti ndiye mnzake wa Tat m'selo la munthu. Mbewa nayonso ili ndi cyclin T1, koma yake imasiyana ndi yathu pa kamfundo kamodzi kofunika, ndipo chifukwa cha kamfundo kameneko Tat amalephera kugwira nayo ntchito bwino. Ndinkakonda kuuza ana a Folomu 4 zimenezi kuti aone kuti kachilomboka kanasulidwa molingana ndi loko wa munthu, ndipo popanda ife sikangachite kanthu.

Zotsatira zake ndizidutsa mwachangu. Selo lili ndi lamulo lakuti makope osadulidwa bwino asatuluke m'chipinda, koma puloteni ya kachilombo yotchedwa Rev imawakweza pa wonyamula katundu wathu, CRM1, n'kutuluka nawo. Kunjako makina athu opanga mapuloteni ndiwo amapanga ziwalo za tizilombo tatsopano, ndipo lumo lodulira kachilombo katsopano kuti kachoke pakhungu la selo ndi lathunso, lomwe lija selo limagwiritsa ntchito podzigawa pawiri.

Tsopano tibwerere ku funso la muphwa wanga. Maselo ambiri amene asanduka chigayo amafa m'masiku awiri kapena atatu. Koma ena ochepa amagwidwa ndi kachilombo pa nthawi imene akubwerera kukapuma nkhondo itatha. Amenewa ndi maselo okumbukira, omwe aja amachititsa kuti katemera wa chikuku amene munabayidwa muli khanda azikutetezanibe muli ndi imvi. Analengedwa kuti azikhala zaka zambiri ali phee. M'selo lopuma NF-kappa B ndi womangidwa kunja, cyclin T1 ndi wochepa kwambiri, ndipo bukulo limakulungidwa molimba pa mapuloteni otchedwa histone moti mlembi sangafike pa tsambalo. Palibe Tat, palibe kope, palibe kachilombo kotuluka. Asilikali a m'thupi akadutsa amaona selo labwinobwino chifukwa palibe chizindikiro pakhungu pake. Mankhwala alibe choti agwire chifukwa palibe chimene chikukoperedwa kapena kusokedwa. Makina a viral load nawonso amawerenga tizilombo toyandama m'magazi, sawerenga masamba a m'mabuku, ndipo ambiri mwa maselowa sakhala n'komwe m'magazi. Amakhala m'matumbo ndi m'malo amene timatupa mwanabele.

Amayi akale ankasunga moto usiku pokwirira chikuni ndi phulusa. M'mawa mumaona phulusa lokhalokha, loyera, koma mukapemerera moto umayaka. LDL ndi phulusa limenelo. Ndi nkhani yabwino kwambiri, nyumba sikupsa, utsi palibe, koma chikuni chilipo.

Mosungiramo mobisikamu anamutsimikizira mu 1997, pa nthawi imene madokotala ena ankayembekezera kuti zaka zitatu za mankhwala amphamvu zingathetseretu kachilombo. Robert Siliciano ndi Janet Siliciano a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anatsatira odwala kwa zaka, ndipo mu 2003 analengeza kuti pamatenga miyezi pafupifupi 44 kuti maselo obisa kachilombowa achepe ndi theka. Powerengetsera, kuti atheretu pangafunike zaka zoposa 70 munthu akumwa mankhwala osadumphitsa. Ndi ochepa, pafupifupi selo limodzi pa maselo opuma 1 miliyoni, koma limodzi lokha likadzuka popanda mankhwala m'magazi, likwanira. Pambuyo pake zinadziwikanso kuti selo lotere likadzigawa, monga maselo okumbukira amachitira, limakopera buku lonse ndi tsamba lachilendo lija, moti mosungiramo mumadzibwezeretsa mokha.

Kwa anthu ambiri amene asiya mankhwala, kachilombo kamaonekanso m'magazi pakangotha milungu iwiri mpaka inayi. Alipo amene amatenga nthawi yaitali, ndipo amenewa ndi amene ogulitsa mabotolo amawaloza ngati umboni. Ku Mississippi, ku America, mwana wobadwa mu 2010 anamuyambitsa mankhwala patangotha maola 30 atabadwa. Anasiya ali ndi miyezi 18, ndipo kwa miyezi 27 makina sanapeze kanthu. Nyuzipepala za dziko lonse zinalemba kuti wachira. Mu 2014 kachilombo kanabwerera. Ngati kanadikira m'thupi la khanda limene linalandira mankhwala lisanakwanitse masiku awiri, nanji msodzi amene anakhala nako zaka asanayezetse.

Tsono kwa ife a m'mbali mwa nyanja, mphepo yopemerera phulusa siisowa. Ku Thyolo kunachitika kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2005, pa anthu amene anali ndi HIV koma asanayambe ma ARV. Akadwala malungo, tizilombo ta HIV m'magazi mwawo tinkachuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo tinkabwerera mwakale patatha milungu 8 kapena 9 atamwa mankhwala a malungo. TB ndiye imachita zoposa, chifukwa siimatha m'masiku atatu, imaimba ng'oma ya nkhondo miyezi ndi miyezi. Muphwa wanga anagwidwa pakati pa awiriwa: kachilombo kanachepetsa asilikali mpaka TB inadzuka, TB n'kumadzutsa NF-kappa B, kachilombo n'kumaswana koposa. N'chifukwa chake neti ya udzudzu, Bactrim ndi mankhwala oteteza ku TB si zowonjezera chabe kwa munthu amene ali ndi HIV. Zimandiwawa ndikaona maneti a udzudzu atasokedwa pamodzi akukokera nsomba zing'onozing'ono m'mphepete mwa Malombe, ana akugona poyera.

Sindikufuna kuti owerenga aganize kuti thupi lathu limangogonja. M'selo mulinso mapuloteni amene amamenyana ndi kachilombo kuchokera m'kati. Mu 2002 Ann Sheehy ndi Michael Malim anapeza APOBEC3G, imene imabisala m'kachilombo katsopano n'kukasokoneza zilembo zake kakamakopera, mpaka tsambalo silimvekanso. Mu 2008 kunapezeka tetherin, imene imamangirira tizilombo tatsopano pakhungu la selo monga timamangirira bwato kuti lisatengedwe ndi mwera. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa malangizo 9 aja, HIV inapatula ena kuti azilimbana ndi alonda amenewa. Vif imapachika chizindikiro cha zinyalala pa APOBEC3G, selo lomwe n'kumuphwanya mlonda wake. Vpu imachotsa chingwe cha tetherin. Ngakhale pamenepa, wophwanyayo ndi makina athu otaya zinyalala, kachilombo kamangoloza chala.

Kudziwa zonsezi sikunapite pachabe. Lenacapavir, jakisoni wobaya kawiri pachaka, amakhala pamalo enieni pamene chigoba cha kachilombo chimagwirira mapuloteni athu olowera m'chipinda cham'kati. Pa kafukufuku amene anachitika ku South Africa ndi ku Uganda, zotsatira zake zitatuluka mu 2024, mwa atsikana ndi amayi 2,134 amene analandira jakisoniyu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga HIV. Koma nayenso sasomola tsamba losokedwa kale. Pa nkhani yochiza, akatswiri ena akuyesa kudzutsa dala maselo ogonawo munthu ali pa mankhwala, kuti adziulule n'kuphedwa. Mu 2012 anasonyeza kuti mankhwala a khansa otchedwa vorinostat, amene amamasula buku pa histone, amachititsa tsambalo kuyamba kuwerengedwa mwa anthu, koma mosungiramo simunachepe mooneka. Ena akuyesa njira yosiyana, yotseka Tat ndi kukhoma tsambalo kuti lisadzatsegukenso. Chovuta chachikulu n'chakuti NF-kappa B ndi P-TEFb ndi antchito athu, amene mtima, chiwindi ndi ubongo zimawadalira tsiku lililonse. Simungawaphe popanda kuvulaza mwini nyumba. Mankhwala a zitsamba amene amati amatsuka magazi, ngakhale akanamatsukadi, akanatsuka malo amene kachilombo kulibe.

Ndiye za mkazi wa muphwa wanga. Buku lake lili ndi LDL pa kuyeza kulikonse, mzere ndi mzere, ndipo sanaphonyepo tsiku lokatenga mankhwala, ngakhale nthawi ya dzinja pamene msewu wa kwawo umaduka. Kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anatenga nawo mbali, anasonyeza mu 2011 kuti kuyamba mankhwala msanga kunachepetsa kupatsirana m'banja ndi 96 pa 100 alionse, ndipo kafukufuku wotsatira anatsimikiza kuti munthu amene tizilombo sitikuoneka m'magazi mwake sapatsira mnzake pogonana. Mayi ameneyu analibe choti apatse mwamuna wake. Tizilombo timene tinadzaza magazi a muphwa wanga tinatuluka m'maselo ake omwe, kuchokera pa tsamba limene linasokedwa zaka zapitazo, ndipo amene analiwerenga ndi mapuloteni ake omwe. Mkaziyo ndi amene anamugoneka pa mphasa miyezi iwiri, kumusambitsa, kumuphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, n'kumamuwerengera mapiritsi a TB m'manja m'mawa uliwonse. Lero pachitsime amamuloza.

Pempho langa kwa inu, akonzi, ndi kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi a National AIDS Commission, ndi la mawu. Mawu akuti "sitikuoneka" m'Chichewa amayandikana kwambiri ndi "palibe". Munthu akati mbuzi sizikuoneka, timamva kuti zasowa. Ndikanakonda kuti wolemba LDL aziwonjezera chiganizo chimodzi: tizilombo tagona m'maselo, mankhwala ndi amene akutiletsa kufalikira tikadzuka. Chiganizo chimenechi sichitenga mphindi. Ndikanakondanso kuti chinenedwe m'Chiyao, chifukwa ambiri mwa anthu a ku Makanjira, Namwera ndi Katuli amavomera ndi mutu m'Chichewa koma amaganiza m'Chiyao. Asodzi amene amachoka miyezi itatu kutsatira usipa, ndi anyamata athu amene amakwera basi kupita ku Joni, ndiwo amasiya mankhwala kawirikawiri, ndipo amasiya ali bwinobwino, thupi litabwerera, chifukwa saona chimene akumwera. Kupereka mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi kwathandiza kwambiri, koma botolo lodzaza silithandiza munthu amene wakhulupirira kuti wachira. Ndipo inu mukamalemba za jakisoni watsopano kapena za munthu amene wachira kunja, chonde muzisiyanitsa momveka kuteteza, kuchepetsa ndi kuchiza, chifukwa nkhani zanu zimawerengedwa mokweza pa dooko ndipo zimafika kwa wachisanu zitasintha.

Ndaona kuti anthu amamvetsa zinthu izi akauzidwa. Pa gulu lathu la anthu amene tikumwa mankhwala, timakumana pansi pa mtengo wa mango Lachinayi lililonse, ndinatenga kope lakale la ana asukulu, singano ndi ulusi, n'kusokerera pepala lofiira pakati pake iwo akuona. Ndinatseka kopelo n'kufunsa ngati pepalalo likuoneka. Anati ayi. Ndinafunsa ngati lachoka. Mayi wina wogulitsa mandasi, amene sanapiteko kusukulu, anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti mapiritsiwa ndi oti kope lina lisasokedwe." Zimene akatswiri anatenga zaka zambiri kuti azipeze, iye anazimva pa mphindi zisanu.

Muphwa wanga anamaliza mankhwala a TB mwezi watha ndipo wabwerera pa TLD. Thupi layamba kubwera, koma mpweya sunakwanire woti n'kukoka ukonde, ndiye akuthandiza kuyanika usipa pa thandala la mnzake. Ndamufotokozera zonsezi kawiri. Ulendo woyamba anangoti zii. Wachiwiri anafunsa kuti, "Ndiye kuti amalume, ngakhale inu muli nato, zaka zonsezi?" Ndinamuuza kuti inde, ndili nato, ndipo piritsi langa ndimamwa 8 koloko usiku uliwonse monga iye. Anatenga buku la mkazi wake n'kuliyang'ana nthawi yaitali, akutsatira madeti ndi chala. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri akumana Loweruka kwa apongozi ake, ndipo wandipempha kuti ndipite nawo, nditenge mabuku awiriwa ndi kope la pepala lofiira lija.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Makawa, Mangochi